Ulendo wa Mphindi 55

A Girizi ankaudziwa mtunda wa pakati pa mzinda ndi chilumba kuposa mmene ankadziwira tsiku lawo lobadwa. Makilomita 312, maola khumi ndi anayi. Anauyenda mtunda umenewu zaka makumi atatu ndi chimodzi ali pansi pa sitima, m'chipinda cha injini mopanda zenera, ndipo ankatha kukuuzani pamene sitima yafika pongomvera kulira kwa makina. Dzina lawolo linachokera ku zikhadabo. Ntchito anapuma kalekale, sopo wa mitundu yonse anamuyesa, koma kamzere kakuda ka girizi wa injini kanakana kusamuka m'zikhadabomo, ndiye anthu nawonso anakana kusintha dzina.

Tsono Lachitatu lina m'mawa, bambo ameneyu anaima pa zenera logulitsira matikiti padoko la mumzinda, chipewa chili m'manja, akuwerenga kachitatu pepala lomata pagalasi. Sitima yalowa kokonzedwa. Idzayambanso kuyenda pakatha milungu itatu. Kunena zoona sanadabwe. Lolemba pobwera anamva okha shafiti ya injini ikugogoda, natsika kukawauza amakaniko a masiku ano, amene anawathokoza mwaulemu uja wa munthu amene akufuna uchoke msanga. Koma tsiku limeneli kulondola kwawo sikunawakomere m'pang'ono pomwe. Sitimayo ankaifuna, ndipo ankaifuna mawa lake lomwelo.

Nkhani yake inali yotere. Mwana wawo wotsiriza, amene pakhomo ankangomutcha Mzime, anali atatera dzulo lake kuchokera kunja kumene ankajambula mapulani a milatho. Zaka zinayi anali asanaponde kwawo. M'zaka zinayi zimenezo amayi ake anayamba kuiwala. Poyamba anali makiyi, kenako ketulo pamoto, kenako njira yochokera kumsika, ndipo chaka chathachi anayamba kufunsa kuti anthu ali pazithunzi za pakhomawo ndi ana a yani. Mzime sankadziwa kanthu. Lamlungu lililonse mwanayo akaimba, a Girizi ankaika foni kukhutu kwa akazi awo nthawi yongokwanira kuti anene kuti ali bwino ndipo kunja kukutentha, kenako n'kuilanda, ati netiweki yayamba kuvuta. Kumzindako anabwerera chinthu chimodzi: kudzamuchingamira mwanayo kuti amuuze asanakaone yekha ndi maso. Ndipo kwa a Girizi nkhani yotere inali ndi malo amodzi okha onenera.

Banja limeneli linali ndi kachitidwe kake kosalembedwa paliponse. Nkhani yolemera sankainena m'nyumba. M'nyumba munthu amamenyetsa chitseko, amathawira kwa aneba, amakweza wailesi. Iwo ankaisungira sitima. Sitima inkanyamuka faifi koloko m'mawa, ndipo maola oyambirira munthu sumulankhula, umamusiya kuti m'mimba mukhazikike. Dzuwa likakwera mumwa tiyi, munena za mpira ndi za mvula, masana mudyera limodzi. Pakatha maola asanu ndi anayi sitima inkadutsa thanthwe lina lokhala ndi nsanja yoyera ya nyali, ndipo apo m'pamene mwini nkhani ankatsokomola n'kuyamba. Otsalawo anali maola asanu: limodzi lokana, awiri olira kapena okalipa, limodzi longoyang'ana madzi, lomaliza lomwanso tiyi. Pofika padoko munthu ankatsika ndi miyendo yake. Pa thanthwe limenelo m'pamene akazi awo anawauza kuti ali ndi pakati pa Mzime, nthawi imene onse ankayesa kuti za ana anamaliza. Mwana wawo wamkulu anaululira pomwepo kuti sukulu ya udokotala waisiya. Ndipo tsiku lina a Girizi anakwera kuchokera ku injini akupukuta manja, n'kukhala pafupi ndi akazi awo kuwauza kuti alongo a mayiwo amwalira. Njira imeneyi inali isanawagwiritsepo mwala.

Atabwerera kunyumba ya alendo kumene ankagona, anamupeza Mzime atakhala pabedi, sutikesi ili chitsegulire. Anamuuza za sitima ndi nkhope ya maliro. Mwanayo anangoseka. Anatenga foni, dina apa, dina apo, ndipo madzi a m'ketulo asanawire n'komwe anali atagula matikiti awiri a ndege ya mawa teni koloko. A Girizi anayesa kukana. Anati milungu itatu si zaka, angathe kudikira. Mzime anawakumbutsa kuti tchuthi chake ndi masiku khumi ndi awiri, ndipo awiri apita kale. Anati nanga boti la katundu lija la Loweruka? Mzime anati iye sanachokere kutali konseko kuti adzakhale pa matumba a simenti. Anati iwo ndege sanakwerepo, ndipo msinkhu wawowu si woyambira zinthu. Apo mwanayo anawagwira dzanja.

"Ababa, ndi mphindi 55 zokha. Kungokhala pansi, mwafika. Ine nkhomaliro ya mawa ndikufuna ndikadye ndi amayi."

Anali wokondwa zedi, ndipo chimwemwe chakecho n'chimene chinawapweteka kwambiri a Girizi.

Wina afunsa kuti nanga bwanji sanangomuuza pomwepo, poti anali awiriwiri m'chipindamo. Funso labwino. Anayesa ndithu. Mzime anali akutulutsa mphatso. Panali juzi ya mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene anasamukira pakhomopo kudzathandiza. Panali wotchi ya a Girizi, yokhala ndi kabatani koyezera mphindi. Kenako sizasi. Sizasi yaikulu ya atelala, yolemera, ili m'kabokosi kake. Amayi ake anasokera akwati a pachilumba chonse kwa zaka makumi anayi, ndipo nthawi yonseyo ankadandaula kuti sizasi yeniyeni sanaigwirepo. Mzime anadula mphepo kawiri, khwe khwe, n'kufunsa ngati akaikonde. A Girizi ankadziwa kuti kunyumba chilichonse chakuthwa, ngakhale kodulira zikhadabo, chili pamwamba pa kabati, kuyambira tsiku limene akazi awo anatsitsa makatani a pabalaza n'kuyamba kuwadula manja a diresi. Anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti fani ya m'chipindamo ikulira molakwika, iyenera kuti yauma mkati. Anakabwereka sukuludilaiva kwa mwini nyumba, n'kutha ola lathunthu akukonza fani ya eni ake.

Masana Mzime anagona, thupi lake likadali pa nthawi ya dziko lina. A Girizi anakhala pa kathebulo ka pazenera, natembenuza envulopu yakale, natenga pensulo. Munthu wa makina sakangana ndi zinthu, amaziwerengera. Mtunda ndi womwewo, makilomita 312, palibe amene wachikokera pafupi chilumbacho. Ndiye ngati maola khumi ndi anayi alowa m'mphindi 55, ola lililonse la sitima likhala mphindi zinayi za ndege. Analemba mzere pansi pa mzere, bwinobwino, monga ankalembera m'buku la injini. Mpaka mphindi 12, osamulankhula. Mphindi 16, tiyi. Mphindi 28, chakudya. Thanthwe, mphindi 35. Zotsala makumi awiri: zinayi zokana, zisanu ndi zitatu zolira, zinayi zoyang'ana madzi, zinayi za tiyi. Atamaliza anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Mumtima ankadziwa kuti palibe mwana amene amalira amayi ake mphindi zisanu ndi zitatu n'kupukuta maso. Koma masamu anali atagwirizana, ndipo analibe china chogwira, ndiye anaipinda envulopuyo n'kuiika m'thumba la malaya.

Lachinayi anafika pabwalo la ndege ola lathunthu nthawi isanakwane. A Girizi ataona mipando yodikirira ili mbwee, yambiri yopanda anthu, mtima unakhalako pansi. Anaganiza kuti mwina angayambireko pamenepa, kumufewetsa mwanayo pang'ono. Koma sizasi ija! Mzime, poopa kuti ingasowe, anaiika m'chikwama cha m'manja. Mayi wa pamakina ounikira katundu anaitulutsa n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone, nati chinthu ichi sichikwera ndi munthu, abwerere akachiike m'sutikesi kapena achisiye pompo. Sutikesi inali itapita kale. Mzime anathamanga uku ndi uko, kupempha apa, kusaina apo, pamene bambo ake anaima potero atagwira thalauza ndi dzanja limodzi, poti lamba anali atawavulitsa. Pomwe ankabwera ali wefuwefu, akuseka kuti sizasi yapulumuka, anthu anali ataitanidwa kale kuti akakwere.

Ndegeyo inali yaing'ono, ya mipando khumi ndi isanu ndi inayi, yoti munthu wamtali amalowa chowerama. Ndipo apa panali vuto limene envulopu sinalione: mipando inali umodziumodzi, wina mbali iyi, wina mbali iyo, kanjira pakati. A Girizi anakhala kumanzere, Mzime kumanja. Kutsogolo kwawo kunakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pachilumba, kumbuyo mayi wogulitsa mankhwala pafamase, amene mkanjo wake wa ukwati unasokedwa ndi akazi awo omwewo. Onse anapereka moni, namulonjera Mzime kuti wakula, wanenepa, kunja kwamuyanja. Mayi wa pafamase anawayang'ana a Girizi kamphindi, diso lofunsa, iwo n'kuyang'ana kumbali.

Chitseko chinatsekedwa, mapiko ozungulira a injini anayamba kulira, ndege inayenda pang'onopang'ono ngati ngolo, kukhota, kuima, kuyendanso, kuimanso. Anadikira ndege ina yaikulu kuti itere, kenako inanso. A Girizi chala chinali pa kabatani ka wotchi, koma sanadine. Kwa munthu wa injini ulendo suyamba pomasula zingwe. Zotuluka padoko, zobwerera m'mbuyo, zokhotakhota, amenewo ndi masewera a akapitawo a pamwamba. Ulendo umayamba pamene belu lalira kuti tsegulani zonse, ndipo zaka makumi atatu ndi chimodzi ankalemba nthawi kuyambira pamenepo. Ndiye anadikira modekha mpaka makina anabangula, msana unakanikizika kumpando, matayala anasiya nthaka. Apo m'pamene anadina.

Mantha analibe, zimene zinawadabwitsa eni akewo. Makutu awo anapita okha ku injini, napeza kuti ya kumanzere ikulira mokwererapo pang'ono kuposa inzake, koma mosadetsa nkhawa. Mzinda unatsalira, doko linaoneka, ndipo m'mbali mwake anaiona sitima yawo itakwezedwa pouma, yaing'ono ngati nsapato. Kenako madzi okhaokha, osalala, opanda funde ngakhale limodzi looneka. Anamva chisoni pang'ono poona kuti nyanja imene inawathyola msana moyo wonse, kumwamba kuno sinkaoneka ngati ntchito.

Mpaka mphindi 12 sanamulankhule Mzime, ndipo sizinali zovuta chifukwa phokosolo silinkalola. Mwanayo anaika timahedifoni m'makutu, mphumi pagalasi, akumwetulira yekha. Pa mphindi 16 tiyi sanabwere. Ndegeyi inalibe woperekera zakumwa, munali kabotolo ka madzi basi m'thumba la mpando. A Girizi anatulutsa lalanje m'jekete, nalisenda ndi chikhadabo, napatsira theka kutsidya kwa kanjira. Mzime analandira ndi manja awiri, nawaonetsa foni yake, pamene kandege kojambula kankakwawa pa mapu abuluu. Iwo anagwedeza mutu osayang'anitsitsa.

Wotchi itanena 24, anasuzumira pansi n'kuona kanthu. Kadontho kakuda m'madzi, thovu loyera mozungulira, ndi kamtengo koyera kataima pamwamba pake. Linali thanthwe lija, sakanalisokoneza ndi china. Koma anayang'ana wotchi, natulutsa envulopu, nayang'ananso wotchi. Thanthwe ndi 35. Kwatsala mphindi khumi ndi imodzi. Abale, munthu amene wakhala moyo wake wonse m'chipinda chopanda zenera amakhulupirira geji yoyezera makina, osati maso. Anadziuza kuti matanthwe m'nyanja ndi ambiri, nsanja za nyali n'zofanana, ndipo wotchi yatsopano singaname. Anabweza envulopu m'thumba, napinda manja, nayamba kubwereza mumtima mawu oyambira amene anawakonza: kuti mwanawe, ukalamba umabwera mosiyanasiyana, ena umawayamba m'mawondo, ena m'maso.

Pa mphindi 30 kulira kwa injini kunatsika. Ena onse m'ndegemo sanamve kanthu, koma a Girizi anamva. Kulira kumeneko ankakudziwa, iwo eni anakuchititsa kambirimbiri ndi dzanja lawo. Ndi kwa makina amene auzidwa kuti doko layandikira. M'makutu munatseka, mphuno ya ndege inaweramira pansi, ndipo kutsogolo kwa phiko kunatulukira mzere wobiriwira wa chilumba.

Anaiwala za mawondo ndi maso. Anatambasula dzanja n'kumugwira Mzime pamkono. Mwanayo anachotsa kahedifoni kamodzi, naweramira kukanjira.

"Amako," anatero a Girizi.

"Mukuti?"

"Ndikuti amako!"

Mphunzitsi wamkulu anatembenuka pang'ono. Kumbuyo mayi wa pafamase anasiya kufufuza m'chikwama. Kuti mwanayo amve, panafunika kukuwa, ndipo a Girizi anaona kuti sangathe. Sangakuwe matenda a mkazi wawo pamaso pa anthu amene anawavekapo, ngati akulengeza kuti katundu wasowa. Mzime anawasisita dzanja, nafuula mosangalala kuti inde, nayenso wawasowa kwambiri, atsala pang'ono kuwaona. Woyendetsa ndege analankhula zosamveka m'sipika, matayala anatuluka ndi kaphokoso, madenga a nyumba anayamba kuthamanga pansi. Ndege itagunda nthaka, a Girizi anadina kabatani mwachizolowezi. Wotchi inati mphindi 38.

Potsika anamupeza woyendetsa ndegeyo ataima pansi pa masitepe, bambo wa imvi za m'mbali, akutsanzikana ndi anthu. A Girizi anamuonetsa wotchi, namufunsa mwaulemu kuti nanga 55 ya patikiti ija yapita kuti. Iye anaseka, nati 55 amawerenga kuyambira potseka chitseko mpaka potsegula, pamodzi ndi zoyenda pansi ndi zodikira. M'mwamba mwenimweni ndi mphindi makumi anayi, ndipo lero mphepo inali kumbuyo. Anaonjeza kuti ndi anthu ochepa amene amadandaula kuti afika msanga. A Girizi anathokoza, navala chipewa.

Bwalo la ndege la pachilumba ndi kanyumba kamodzi, benchi, ndi mpanda wa waya. Katundu amabwera pangolo yokankha, ndiye anthu amadikira pamthunzi wa kanyumbako akucheza. A Girizi sanapite pamthunzi. Anamukoka Mzime mpaka kumapeto kwa mpanda, padzuwa, pamene panalibe munthu. Kuchokera pamenepo mpaka kunyumba ndi mphindi khumi pagalimoto. Analibenso thanthwe, analibe tiyi, analibe mawu okonza. Anavula chipewa n'kunena zinthu mmene zinalili.

"Mzime, amako akudwala matenda oiwala. Sakakudziwa. Ine amandidziwa masiku ena, masiku ena ayi. Za iwe ndi mkulu wako anasiya kufunsa chaka chatha."

Mzime anawayang'ana, kumwetulira kuja kukadali pankhope, kukuchoka pang'onopang'ono. Sanalire. Anafunsa kuti zinayamba liti, iwo anati zaka ziwiri ndi theka zapitazo. Anafunsa ngati mkulu wake akudziwa, iwo anati akudziwa, anamupempha okha kuti asanene. Anafunsa za adokotala, za mankhwala, ngati amadya, ngati amagona, mafunso achidule motsatana, ndipo iwo anayankha lililonse osabisa. Kenako anagwira waya wa mpanda ndi zala zonse.

"Ndiye netiweki ija sinkavuta," anatero.

"Sinkavuta."

A Girizi anafuna kufotokoza. Anati nkhani yotere si ya pafoni, munthu ali yekha kudziko la eni. Anati ankadikira kuti abwere, akwere limodzi sitima, amuuze bwinobwino monga amachitira pabanja pawo, akhale ndi nthawi yoti mtima ukhazikike. Anafika potulutsa envulopu ija, kaya kuti ichite umboni wanji. Mzime anaiwerenga yonse, kuyambira pa tiyi mpaka pa mphindi zisanu ndi zitatu zolira. Sizinadziwike ngati kukubwera kuseka kapena kulira. Anaibweza, napita kukatenga sutikesi yake pangolo.

M'takisi anakhala kumbuyo onse awiri. Woyendetsa anali munthu wowadziwa, ndipo anali atalunjika kale msewu wa kumsika pamene a Girizi anamugwira paphewa. Anali ataganiza chinthu, ndipo anachiona ngati chanzeru, mwinanso chachifundo. Chilumbachi chili ndi msewu wina wozungulira, wodzera kumpoto, kumapiri ndi kuminda, wa maola awiri ngati munthu sakuthamanga. Anamuuza woyendetsayo kuti adzere kumeneko, ndipo ayende pang'onopang'ono, mwanayu aone kwawo. Maola awiri si asanu, komabe munthu angalireko, angakalipe, angayang'ane kunja mpaka nkhope itauma. Chimenechi ndicho chokha chimene anali nacho choti amupatse.

"Ayi," anatero Mzime. Sanakweze mawu. "Dzerani kumsika, achimwene." Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "Ababa, ndikudziwa kuti mumandikonda. Koma panali chaka chathunthu chimene amayi akanandidziwa ndikanabwera. Chimenecho mwandisungira mpaka chatha. Maola awiri awa musanditengerenso."

A Girizi zinawalowa mpaka m'mafupa. Nthawi yonseyi ankaganiza kuti akumusungira mwanayo nthawi, ndipo sanaganizepo ngakhale kamodzi kuti kwinaku ikutha. Anachita manyazi, manyazi enieni a munthu wamkulu. Galimoto inadutsa msika, sukulu, malo omwetsera mafuta, n'kukhota pa mtengo waukulu wa pakona. Cha pamenepo Mzime anafunsa, maso ali kutsogolo, kuti akafika achite bwanji. Iwo anati asawafunse ngati akumukumbukira, funso limenelo limawaopsa. Angopereka moni, akhale pafupi, ndipo chimene amayi akewo anene, ndicho chimenecho.

Atafika anawapeza amayi ndi mng'ono wawo kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala. Mlamu uja anali akuanula, ndipo atamuona Mzime anagwira pakamwa, nayang'ana a Girizi, iwo n'kugwedeza mutu kuti wauzidwa. Amayi ake anaima chapafupi atakumbatira nsalu yoyala pabedi, akufunafuna ngodya zake. Anali ataonda, tsitsi lonse layera, koma msana unali wowongoka monga kale. Anawayang'ana obwerawo mwachidwi, nawadzudzula a Girizi mofatsa kuti amabwera bwanji ndi alendo osanena, m'nyumba musanakonzedwe.

Mzime anaika chikwama pansi. Anayandikira, napereka moni, nafunsa mmene adzukira. Iwo anayankha mwaulemu wonse kuti adzuka bwino, kaya alendowo, ndipo anafunsa kuti ndi ndani. Mzime anatchula dzina lake lenileni, la pa satifiketi, limene pakhomopo linkamveka pokhapokha akalakwa. Amayi ake analibwereza kawiri pang'onopang'ono, akulilawa.

"Dzina lokoma. Anakupatsani ndani?"

"Amayi anga."

"Anasankha bwino," anatero iwo. Kenako anamupatsa mbali imodzi ya nsaluyo. "Tagwirani uko, mayi. Mukoke kwambiri, isakhale ndi makwinya."

Mzime anagwira ngodya ziwiri, nabwerera m'mbuyo mpaka nsalu inawongoka pakati pawo. Misozi inali ikutsika, ndipo analibe dzanja lopukutira. Anapinda kamodzi, napindanso, nayenda kukakumana ndi amayi ake kuti apereke ngodyazo, zala zawo n'kukhudzana. A Girizi ananyamula sutikesi n'kukaiika m'chipinda. Atatuluka anapeza awiriwo ayamba nsalu yachiwiri.